Dzanja Lamanja la a Mafiriji

A Mafiriji anali munthu wosakhulupirira chinthu chosungidwa m'nyumba ya mwini. Dzina lawo lenileni anali nalo, koma mumsewu monse muja munalibe wolitchula. Ngakhale akazi awo, zikawafika pakhosi, ankangoti, "Inu a Mafiriji inu, mudzandiphetsa ndi mtima." Anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa wometa ndi wogulitsa matayala akale, kodzaza ndi zitseko za mafiriji zoyedzamitsidwa kukhoma, masilinda a gasi, ndi timapaipi ta kopa tokolekedwa pamisomali. Ukalowamo unkalandiridwa ndi fungo lija la firiji imene inazima ili ndi nyama, mwini wake ali paulendo. Iwo fungolo anasiya kalekale kulimva.

Chuma chawo chinali manja. Ankagwira kompuresa, mtima wa firiji, ikulira, n'kutsinzina, n'kukuuza ngati ichira kapena ukafune ina. Ukawafunsa kuti adziwa bwanji, ankangoyang'ana zala zawo. Manja ankatsogola, mutu unkabwera pambuyo.

Za makompyuta zinawalowa ndi mkwiyo. Panali kaapu kena pafoni komwe okonza mafiriji a m'mayiko osiyanasiyana ankakumana, kutumizirana zojambula za mawaya ndi kusereulana. A Mafiriji anakakonda mpaka anayamba kusungako ndi zapakhomo zomwe: zithunzi za ana awo ali makanda, ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu bambo awo, chimene anachijambulanso ndi foni chapepalacho chisanathe ndi chinyezi. Tsiku lina kunabwera uthenga wa mawu otsekemera: tikukuthokozani poyenda nafe paulendo wosangalatsawu, mwezi ukatha tikutseka. Kuthokoza! Munthu akukusasulira denga, n'kumati zikomo. A Mafiriji anati ndichotsa zanga Loweruka. Loweruka kunabwera firiji ya kubutchala, Loweruka linalo kunali maliro. Pamene ankadzatsegula kaapu kaja, kanangozungulira, kuzungulira, kenako zii. Analira tsiku limenelo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, atabisala kuseri kwa firiji ya kasitomala.

Analumbira kuti sizidzachitikanso. Anatola kompyuta yakale imene ofesi ina inkataya, tsiku lomwe anakawakonzera kafiriji ka m'khichini. Kunyumba anatulutsa mabulangete m'kabati ya m'kakhonde, n'kuboola chitseko chake ndi dirilo, n'kumangamo fani ya firiji yakufa kuti makinawo asamatenthe. Pansi anaika batire yoti izigwira magetsi akazima. Mayi, akazi awo aja, pobwera kumsika anapeza mabulangete ali mulu pampando.

"Ichi n'chiyaninso, abambo?"

"Seva, mayi. Nyumba yathuyathu pa intaneti. Zathu zonse zizikhala muno, palibenso wotithamangitsa."

"Nanga mabulangete angawa awathamangitsa ndani?"

Anaphunzira movutikira, magalasi ali pamphuno, chala chikutsata mzere. Owaphunzitsa anali anthu a mtima ngati wawo womwe, amene anakana kukhala m'maapu n'kudzimangira timasamba tawotawo ta pa intaneti. Panali bambo wina wolemba za njuchi zake, mayi wina wojambula zitseko zakale za m'tauni mwawo, ndi mkulu wina wokonza mawotchi. Aliyense m'munsi mwa tsamba lake ankaika mayina a anzake, kuti mlendo akatopa pano adutsire kwa winayo. Tsiku limene wamawotchi anaika dzina la a Mafiriji m'munsi mwake, iwo anayenda mumsewu ngati awina zisankho. Patsamba lawo ankalembapo za mafiriji, makamaka za anthu opala ayezi ndi mpeni, amene ankawada kuposa akuba.

Pa benchi ya wometa anasanduka mlaliki.

"Apu ndi nyumba ya lendi," ankatero. "Mwini wake akangodzuka ndi mutu, katundu wako panja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwamva?"

"Tamva, madala," wometa ankayankha akusasa tsitsi pa nsalu. "Ndiye kunyumba yanuyanuyo kumabwera anthu angati?"

Funso limeneli linkawalasa, chifukwa kunkabwera iwo okha. Ana awo, amene anali atakula n'kukakhala kwaokha, analowako kamodzi mwaulemu, n'kuti zili bwino adadi, n'kubwerera kumaapu awo. Mayi ankati zilembo zake n'zazing'ono. Anansi a pa intaneti aja nawonso ankatha pang'onopang'ono. Wa njuchi anasowa osatsanzika. Tsiku lina anadina dzina la wamawotchi, m'malo mwa mawotchi kunatuluka tsamba la juga, lothwanima ndi mitundu yonse. Anadziwa kuti mkulu uja wamwalira, ndipo panalibe womusungira nyumba yake. Anatseka tsambalo. Koma phunziro limene anatolapo linali lakuti agule disiki yachiwiri, azikopera zonse, n'kumaibisa kushopu m'firiji yakufa.

Nanga za pasiwedi, abale inu, ndiye anali nazo mwano. Wometa ankagwiritsa ntchito dzina la mkazi wake, wamatayala tsiku lake lobadwa, ndipo a Mafiriji ankawaseka mpaka kutsokomola. Yawo inali yaitali, ya zilembo ndi manambala osokonekera, yopanda tanthauzo lililonse, monga anzawo aja ankalangizira. Anailemba pa kapepala, anaitayipa m'mawa ndi madzulo mpaka zala zinaizolowera, kenako kapepalako anakawotcha ndi moto wowotcherera mapaipi. Ndi pasiwedi imeneyo anakhoma disiki yonse ya m'kabati, ndi ya kushopu yomwe, kuti ngakhale wakuba atanyamula makinawo asaonemo kanthu. Magetsi akazima nthawi yaitali batire n'kutha, makinawo podzuka ankayamba afunsa pasiwedi. A Mafiriji ankangoika manja pa kiyibodi, phwatapwata, uku akulankhula ndi mayi za mtengo wa anyezi, basi yatseguka.

"Nanga mukadzagwa, ndani adzatsegule?" mayi anafunsa tsiku lina akusita.

"Ndidzakuphunzitsani, mayi. Tipeze tsiku."

Tsikulo silinapezeke.

Mlendo weniweni wa m'kabati muja anabwera ndi misozi. A Mafiriji anali ndi achemwali awo aakulu, atelala, amene ankasoka mayunifomu pakhonde la sitolo ina. Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi, ndipo banja lonse linkamutchula Kaphokoso, chifukwa anayamba kulongolola asanamere mano. Atapeza ntchito kumzinda wina wakutali, m'mawa uliwonse ali m'basi ankawatumizira amayi ake mawu pa apu ina. Munkamveka hutala, kondakitala akukangana ndi munthu, kenako iye: "Amayi, mwadzuka? Mankhwala mwamwa? Musandinamize, ndikumva m'mawu mwanu," n'kuphulika ndi kuseka. Anadwala masiku ochepa, n'kumwalira asanakwatiwe n'komwe. Achemwali sanafufute uthenga ndi umodzi womwe. M'mawa uliwonse asanakhale pa makina ankamvera umodzi, ndiye tsiku linkayamba.

Ndiye apu ija nayo inatumiza zikomo wake. Achemwali analowa m'kashopu akuthamanga, tepi yoyezera ili m'khosi, foni ataigwira ndi manja awiri.

"Achimwene, akuti atseka. Akuti zonse zifufutika. Andiphera mwana kachiwiri, achimwene."

"Khalani pansi, achemwali. Mwafika pakhomo poyenera."

Sabata imeneyo mafiriji a anthu anadikira. A Mafiriji anasamutsa mawu a Kaphokoso umodziumodzi kulowa m'kabati, akumvera uliwonse kuti atsimikize kuti wafika wathunthu, akupukuta magalasi pafupipafupi. Kenako anawakonzera achemwali tsamba lawolawo, lopanda chilichonse koma batani limodzi lalikulu. Ukalidina pafoni, makina a m'kabati ankasankha uthenga umodzi n'kuuliza. Apu ija inatseka monga inanenera, ndipo mawa lake m'mawa Kaphokoso anafunsa za mankhwala ngati palibe chachitika.

Patapita miyezi, foni yakale ya achemwali inagwera m'beseni la zochapa, n'kufa ndi zonse zinali m'menemo. Anabweranso kushopu akuthamanga. A Mafiriji anaseka.

"Foni ndi chitseko chabe, achemwali. Mwana ali kwa ine."

Anawatsegulira batani lija pa foni yatsopano, ndipo achemwali anawagwira dzanja lakuda ndi girizi n'kuliika patsaya pawo. Zaka zimenezo ndizo a Mafiriji anakondwa koposa m'moyo wawo wonse. M'mawa asanapite kushopu ankasuzumira pa sikirini, n'kuona kuti mlendo wawo mmodzi wadutsa kale. Wometa akafunsanso funso lake lija, ankamuyankha mutu uli m'mwamba: "Mmodzi. Koma salephera."

Chakudza sichiimba ng'oma. Masana ena akumasula kompuresa, sipanala inagwa m'dzanja. Anawerama kuti aitole, dzanja linakana, ndipo pansi panabwera pokha kudzakumana ndi nkhope yawo. Wometa ndiye anamva chiphokoso n'kuwapeza ali gone pakati pa zitseko za mafiriji, kukamwa kutapotoka. Kuchipatala anati sitiroko.

Ali chigonere kumeneko kunagwa chimvula cha mphepo, mitengo inagwetsa mawaya, magetsi anapita tsiku lathunthu. Batire ya m'kabati inalira, inalira, m'nyumba mopanda munthu poti mayi anali kudwazika, kenako inatha. Magetsi atabwera makinawo anadzuka n'kufunsa funso lawo la masiku onse. Panalibe woyankha. M'mawa mwake achemwali anadina batani, foni inangoti duu. Kuchipatala achemwaliwo sanaitchule nkhaniyo. Ankabwera ndi zipatso, n'kumawapukuta achimwene awo dovu pachibwano, mumtima akuti akachira akonza.

A Mafiriji anatuluka m'chipatala ali munthu wina. Mawu ankabwera, koma mokoka. Mwendo wamanja unkakhwekhwereza. Dzanja lamanja linali lopinda pachifuwa, zala zitafumbata, lozizira. Asanakhale n'komwe pampando anati awaperekeze kukabati, chifukwa mayi anali atawanong'oneza m'galimoto kuti chinthu chanu chija chaima.

"Zazing'ono zimenezo," anatero. "Ingondiikirani mpando."

Mayi ananyamula dzanja lakufalo n'kuliika pa kiyibodi pambali pa linzake. Lamanzere linadumpha lokha, linamenya zilembo zake ziwiri zitatu, n'kuima, likudikira mnzake. Mnzakeyo anangogona pomwe anamuika. A Mafiriji anamwetulira mbali imodzi, n'kuti chabwino, nditayipa ndi chala chimodzi. Anakweza chala cha kumanzere, n'kufuna m'mutu mwawo chilembo chotsatira.

Munalibe.

Anatsinzina. Anayesa kuitchula pakamwa, pakamwa sipanaitchulepo chiyambire. Anayesa kukumbukira kapepala kaja, n'kungoona moto wabuluu ukukadya. Zaka zonsezi iwo ankati pasiwedi akuidziwa, chonsecho oidziwa anali manja, theka lili kumanzere, theka lili kumanja. Thukuta linawatsika m'khosi. Mayi anafunsa kuti mwatani, iwo n'kuti ndatopa chabe, ndiyesa mawa.

Anayesa mawa, ndi mkuja, ndi masiku onse otsatira. Ankalisiya lamanzere kuti liyambe lokha, mwina angaone zilembo zake, koma lopanda mnzake linkasokera, lero limenya izi, mawa zina. Ankaliwolotsera kumanja kuti litsanzire mnzake, lilibe chotsanzira. Makinawo ankangoyankha mawu amodzimodzi, akuti yalakwika, yesaninso. Sankakwiya, sankatopa, ndipo zimenezo n'zimene zinkawawa kwambiri. Anatumiza wometa kukatenga disiki ya m'firiji yakufa, ngakhale ankadziwa kale kuti loko wake ndi yemweyo.

Ana awo anabweretsa katswiri wa makompyuta, bambo wa ulemu wake, wa chikwama chachikopa. Anakhala pakabati masana onse, akulumikiza izi ndi izo. Potsiriza anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Madala, ndakonza makina ambiri, koma okhoma bwino chonchi sindinawaonepo. Anachita ndani?"

"Ndine."

"Ndiye munagwira ntchito. Popanda pasiwedi palibe angalowemo, ngakhale ine, ngakhale wina aliyense."

Chiyamikiro chimene anachidikira zaka zonse pa benchi ya wometa chinafika tsiku limenelo. Anachilandira atayang'ana pansi.

Kunatsala kuwauza achemwali. Anabwera Lamulungu masana, n'kukhala pampando wa m'kakhonde, chikwama chili pamiyendo. A Mafiriji anafotokoza pang'onopang'ono, lilime likulemera, za disiki, za loko, za zala. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto.

"Koma alimo?"

"Alimo."

"Sanafufutike?"

"Ngakhale liwu limodzi. Zonse zilimo bwinobwino."

"Ndiye tsegulani, achimwene."

"N'zimene ndikunenazi, achemwali. Sindingathe."

"Munati ali kwa inu."

Sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakuwa, akanatukwana, akanaswa kabatiyo ndi mpando. Anangokhala akuyang'ana timabowo ta pachitseko, momwe munkatuluka kamphepo kofunda ka fani. Patapita nthawi anati, "Mukudziwa, ndayamba kuiwala momwe ankanenera kuti amayi. Mawuwo ndikuwadziwa, koma kakwezedwe kake kaja kakundithawa. Ndikayesa kumumva, ndikumva mawu anga omwe."

Atapita, a Mafiriji anakhala pomwepo mpaka mayi anawaitana kukadya, ndipo sanadye. Ankaganiza za makampani aja amene anawatukwana zaka zonsezi. Akuba inde, opanda chisoni inde, koma aja ankachenjeza. Ankati mwezi ukatha tikutseka, tengani zanu. Iwo, mwini nyumba wachilungamo, mlaliki wa pa benchi, anatseka masana amodzi opanda ndi zikomo yemwe. Anamanga nyumba yopanda wothamangitsa, n'kuiimika pa mzati umodzi, ndipo mzatiwo unali munthu wa mnofu, wodwala kuthamanga kwa magazi, wodana ndi mapilisi. Anadzida, ndipo kudzidako sikunawachoke.

Shopu anaitenga munthu wina, wogulitsa zikwama za mafoni. Dzina la a Mafiriji linatsika m'munsi mwa masamba a anansi otsalawo, mmodzi ndi mmodzi, poti ndani asunga khomo losatseguka. Iwo sanadandaule nazo zimenezo. Chimene analamula n'chimodzi chokha, kuti makina a m'kabati asazimitsidwe. Mayi anangowapezera mabulangete aja malo ena.

Kuchipatala, mayi wophunzitsa odwala kuyendetsa ziwalo ananena kuti dzanja lotere nthawi zina limabwerako pang'ono, likamasisitidwa ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku. Anati nthawi zina, ndipo anati pang'ono. A Mafiriji anafunsa ngati likabwera limabwera ndi zomwe linkadziwa. Mayiyo anaseka, akuyesa nthabwala, n'kuti zimenezo adziwa ndi Mulungu. Achemwali anali pomwepo, atanyamula ndodo ya achimwene awo, ndipo anamva.

Kuyambira sabata imeneyo amabwera tsiku lililonse. Dzuwa likapendeka amaphimba makina awo osokera, n'kukwera basi, n'kufika ndi kabotolo ka mafuta m'chikwama. Amakoka mpando, n'kuika dzanja lija pa thaulo pamiyendo pawo, n'kuyamba. Chala chachikulu, cholozera, chapakati, chilichonse amachitambasula, kuchisisita kuyambira patsinde mpaka ku chikhadabo, n'kuchipinda, n'kuchitambasulanso. Mvula igwe, yunifomu za anthu zichedwe, iwo salephera. Oyandikana nawo nyumba amagwira pakamwa. "Koma pali chibale apa," amatero. "Enafe alongo athu angatisisite chonchi? Olo madzi akumwa sangatipatse." Wometa akabwera kudzawameta amanenanso zomwezo, ndipo a Mafiriji amangovomera ndi mutu.

Chibale chilipo, zoona. Koma iwo amadziwa chimene chikufunidwa m'zala zimenezo. Achemwali posisita sawayang'ana kumaso. Salankhula za nyengo, safunsa ngati agona bwanji. Maso awo amakhala padzanjapo, ndipo mpando amaukoka nthawi zonse kufupi ndi kabati.

Tsiku lina chala cholozera chinagwedezeka. Pang'ono chabe, koma onse awiri anachiona. Achemwali anaimirira, anapukuta manja, anatsegula kabati, n'kukoka kiyibodi ndi chingwe chake mpaka pamiyendo ya achimwene awo. Anaika lamanzere pamalo pake. Ananyamula lamanja, lonyezimira ndi mafuta, n'kuliyala bwinobwino pa zilembo.

"Musaganize, achimwene. Munkati mukaganiza zimasokonekera. Yang'anani kumbali, muzilankhula za anyezi."

A Mafiriji anayang'ana kukhoma. Anayamba kunena kuti anyezi wakwera masiku ano. Lamanzere linadumpha, linamenya zake, n'kuima. Anadikira. Fani inkangolira m'kabati. Chala chija chinagona pa chilembo chake, chikusiyapo kadontho ka mafuta, ndipo sichinasunthe.

Achemwali anadikira nthawi yaitali. Kenako anabweza kiyibodi, anatenganso dzanjalo, analiika pa thaulo, n'kuthira mafuta ena pachikhatho. Anawerama mpaka mpweya wawo unkamveka pakhungu, n'kulankhula chapansipansi, osati kwa achimwene awo, koma kwa dzanjalo.

"Ndibwezere mwana wanga, iwe."

A Mafiriji anamva. Anakhalabe choyang'ana kukhoma, misozi ikutsikira mbali yopotoka ya kukamwa, ndipo achemwali anayambiranso pa chala chachikulu.